Masatifiketi adzadza sutikesi, nanga atsogoleri aja ali kuti?

Sabata yatha ndimasaka kalata ya puloti mu sutikesi yakale ija imakhala pansi pa bedi, nde m'malo mwa kalatayo ndinapeza mulu wa masatifiketi. Ndinawawerenga, alipo 14. Onsewo ndi a maphunziro a utsogoleri wa achinyamata omwe ndakhala ndikupitako kuyambira ndili fomu 3 kuno ku Zomba, ena analemba dzina langa molakwika, ena inki inayamba kufufutika ndi chinyezi cha kuno kuphiri. Mwana wanga wamkazi anaima pakhomo akundiyang'ana ndikuwayala pa mphasa, kenako anangofunsa mwaulemu bwinobwino kuti, "Adadi, ndiye inuyo munatsogolerapo chani?" Ndinaseka, koma kunena zoona funsolo linandibaya, chifukwa yankho lake ndinalisowa.

Nchifukwa chake lero ndafuna tikambeko za mabungwe amene amati akusula atsogoleri achinyamata, komwe anachokera, ndi chomwe ine ndikuona kuti chinasokonekera panjira. Maganizo anga ndi oti munthu saphunzira utsogoleri atakhala pa mpando wa pulasitiki mu holo ya loji akudikira fanta ya 10 koloko. Amauphunzira akapatsidwa kanthu kenikeni koti kakhoza kuonongeka m'manja mwake, anthu nkumufunsa.

Tiyambe kale pang'ono, chifukwa nkhani yosula achinyamata sinayambe ndi ma NGO. Amalume anga malemu anali payoniya. Gulu la Malawi Young Pioneers linayamba mu 1963, dziko lisanalandire nkomwe ufulu, ndipo ena mwa maphunziro awo ankachitikira konkuno m'boma la Zomba, ku Nasawa, komwe pano kuli koleji ya ntchito zamanja. Amalumewo ankadziwa kuyala mizere ya chimanga ndi chingwe, kupala matabwa, kumanga khola la nkhuku loti ungagonemo, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankadzuka 4 koloko m'mawa ngati wina waimba belu. Ukawafunsa za nthawi ija ankatchula nsanamira zinayi za Kamuzu osapumira, umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Kunalinso sabata ya achinyamata chaka ndi chaka, ana asukulu kukonza misewu, kuumba njerwa, kumanga timilatho.

Alipo anthu masiku ano, makamaka pa Facebook, amene amati tibwezeretse zimenezo basi mavuto atha. Ine ayi. Pa nsanamira zinayi zija palibepo yofunsa funso. Payoniya ankaphunzira kugwira ntchito, zoona, koma ankaphunziranso kuti wamkulu akalankhula iwe yako ndi inde bwana, ndipo gulu lomwelo linasanduka maso ndi makutu a boma, la mfuti zake, anthu ankaliopa. Ayufi a malaya ofiira aja nawo ankaima pa geti ya msika kufunsa khadi ya chipani, wopanda khadi osagula ngakhale mchere. Mapeto ake tonse tikuwadziwa, Disembala 1993 asilikali anathana ndi apayoniya pa Operation Bwezani. Gulu lija linaumba anthu olimbikira ntchito ndi omvera, koma womvera ndi wotsogolera ndi anthu awiri osiyana.

Chodabwitsa nchakuti pa nthawi yomweyo, mtauni yomwe ino, achinyamata ena anaonetsa utsogoleri opanda amene anawapangira wekishopu. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma pa 8 Malichi 1992, ophunzira a ku Chanco anatuluka ku Chirunga kuguba kugwirizana nayo, nthawi imene kungotchula mawu oti matipate pa bawo unkakhoza kukagona ku Mikuyu. Koleji inatsekedwa. Panalibe alawansi, panalibe tisheti, panalibe wowalembera mayina kuti akasaine. Anaona kuti chinthu chavunda nkuima poyera, podziwa kuti akhoza kuchotsedwa sukulu kapena kuposa apo. Chaka chotsatira pa 14 Juni kunali riferendamu, Meyi 1994 chisankho, dziko linatembenuka.

Ndiye taganizani mmene zinalili kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Chinamwali kapena Sadzi cha m'ma 1995. Apayoniya kulibe, sabata ya achinyamata yatha, aliyense akuimba nyimbo ya ufulu koma ufuluwo osadziwa kuti augwira mbali iti. Sukulu ya pulayimale yangokhala yaulere mu 1994, makalasi adzadza mpaka pansi pa mitengo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, asodzi a ku Kachulu manja m'khosi. Pamwamba pa zonsezo Edzi ikusesa anthu, maliro tsiku ndi tsiku, mankhwala otalikitsa moyo aulere m'zipatala za boma anadzabwera mu 2004, apo nkuti mabanja ambiri atatsala ndi ana okhaokha ndi agogo. Panali dzenje lalikulu, ndipo mabungwe omwe si aboma ndi amene analowa m'dzenjemo. Boma linakhazikitsa National Youth Council of Malawi ndi lamulo la 1996 kuti izilembetsa ndi kuyang'anira magulu a achinyamata, m'masukulu munabwera makalabu a Edzi Toto, ndipo kuno kwathu mu 1997 kunabadwa bungwe la Youth Net and Counselling, lomwe tonse timangoti YONECO.

Pa bungwe limeneli ndiimapo pang'ono poti ndi lathu lomwe, likulu lake lili mu Zomba muno m'mbali mwa msewu wopita ku Liwonde, silinathawire ku Lilongwe ngati mmene boma linatithawira mu 1975. Linayamba ndi nkhani za achinyamata, Edzi, uchembere wabwino ndi ufulu wachibadwidwe, nkumakula mpaka kufika m'maboma ena, ndipo dzina la a MacBain Mkandawire, mkulu wa bungweli, aliyense wotsata nkhani m'dziko muno analimvapo. Mabungwe ambirimbiri amene anabadwa zaka zomwezo anafa kalekale, ena anatha ndi pulojekiti yawo yoyamba, chikwangwani chokha kutsala chikuchita dzimbiri pa mphambano. Ili lafika zaka zoposa 25 likadalipo.

Koma chimene ine ndimaliyamikira si zaka. Ndi zinthu ziwiri zogwirika. Choyamba ndi lamya yaulere ija ya Tithandizane, 116 ya ana, ndi 5600 ya nkhanza za m'banja. Chachiwiri ndi wayilesi ya YONECO FM, yomwe ukaitsegula mawu ambiri omwe umamva ndi a achinyamata. Muone kusiyana kwake ndi wekishopu. Foni ikaitana usiku, mwana wa zaka 13 akulira kuti akufuna kumukwatiwitsa, woyankhayo sangati dikirani tigawane m'magulu tikambirane. Ayenera kudziwa chonena, kudziwa wapolisi kapena wa zachisamaliro cha anthu woti amuimbire, ndipo akalakwitsa pali moyo wa munthu pamenepo. Chimodzimodzi pa wayilesi, ukaika mtsikana wa zaka 22 pa maikolofoni kuti afunse khansala chifukwa chomwe mjigo sunakonzedwe, akachita mantha dziko lonse limva, akafunsa bwino dziko lonse limvanso. Pamenepo ndi pomwe munthu amakhwima. Ndipo nkhondo yolimbana ndi maukwati a ana, yomwe mabungwe ambiri, mafumu ngati a Kachindamoto a ku Dedza ndi atsikana eni ake anaimenya limodzi, inabala lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Zimenezo sizinagwe kumwamba.

Tsono vuto langa lili pati? Lili pa chikhalidwe chomwe chinamera m'mbali mwa ntchito yabwinoyi, ngati kaufiti m'munda wa chimanga. Ine ndinakulira momwemo nde ndikunena zomwe ndinadya nawo. Cha m'ma 2003 kalabu yathu ya achinyamata inali ndi anthu pafupifupi 30, tinkakumana pansi pa mtengo wa mango Lachitatu lililonse, tinkapanga masewero m'misika, kuchezera odwala, kusesa pa chipatala, ulere. Kenako bungwe lina, sinditchula dzina, linatipeza nkuyamba kuitana anthu awiriawiri ku maphunziro. Kobwerako munthu ali ndi envelopu, tisheti ndi chikwama cholembedwa uthenga. Pasanathe chaka kalabu inagawikana, nkhani pa msonkhano sinalinso odwala koma kuti ulendo uno apite ndani, tcheyamani akungodzisankha yekha ndi chibwenzi chake, ena kunyanyala. Pulojekiti itatha patatha zaka ziwiri kalabu inatha nayo. Mtengo wa mango uja ulipobe, pano pamakhala okonza njinga.

Ndipo tinaphunzira chiyankhulo china chake chachilendo. Tinkadziwa kuyankhula zoti azungu a thandizo amve kukoma, mawu akuluakulu achingerezi aja, kujambula mtengo wa mavuto pa pepala lalikulu, mizu yake uku nthambi uku, kuombera m'manja mwa sitayilo. Ndinafika poti ndikanatha kuphunzitsa wekishopu yonse ndili mtulo. Koma mukanandipatsa anthu 10 ndi makasu kuti tikatsegule ngalande yotsekeka ku Mpondabwino, sindikanadziwa poyambira, ndipo funso langa loyamba likanakhala loti kodi pali kanganyase?

Ndikudziwa ena akwiya apa. Anena kuti achimwene inu mukulankhula chifukwa mwakhuta, alawansi ija ndi imene inatilipirira mayeso a fomu 4, ndi imene inagula sopo kunyumba. Zoona zimenezo, inenso inandigulira nsapato yanga yoyamba yachikopa, sindikana. Mnyamata wosagwira ntchito ukamuchotsa pa ganyu tsiku lonse uyenera kumubwezera kenakake, apo ayi ku maphunziroko kuzipita ana a anthu opeza bwino okhaokha. Anenanso kuti mabungwe alibe kuchitira mwina, wopereka ndalama amafuna lipoti la manambala, taphunzitsa achinyamata mwakuti, atsikana mwakuti, zithunzi izi, ndipo kuwerenga mitu mu holo nkosavuta kusiyana ndi kuyeza ngati munthu wakhwima maganizo. Ndikumva zonsezo. Koma ndiye tivomerezane kuti chimene chinkachitikacho chinali kugawa thandizo, tisamachitche kusula atsogoleri. Ndipo poti ndalama zake nzobwera, tsiku lomwe mwini wake watseka mpopi zonse zimaima, tinaziona mu 2025 America itadula thandizo la USAID, mapulojekiti kuima pakati ngati minibasi yatha mafuta pa Thondwe.

Palinso china chomwe sitimachikamba, ndipo apa mabungwe sindiwaimba mlandu. Ngakhale amene anaphunzira bwino, amene anatuluka ali ndi moto weniweni, anakapeza makwerero atachotsedwa. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linati mphamvu zipite kwa anthu, kukhale makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera, ma VDC ndi ma ADC aja, komanso makhansala. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli tinasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka 9 zathunthu. Ukhansala ndi sitepe yoyamba yomwe mnyamata wa m'dera akanayesapo mwayi, wodi ndi yaing'ono, anthu amakudziwa, sufuna mamiliyoni ngati a phungu. M'badwo wathu, umene unaphunzitsidwa kwambiri kuposa wina uliwonse, unafika msinkhu woyenera pa nthawi yomwe mpandowo kunalibe. Pomwe unabwerera ambiri tinali titakwatira, tili ndi ngongole, ena ali ku Joni.

Ku VDC nako, pitani mukaone. Wachinyamata amakhalapo mmodzi, woimira achinyamata, ntchito yake kunyamula mabenchi ndi kulemba maminitsi chifukwa ndi amene ali ndi dzanja labwino. Ikafika nkhani ya ndalama kapena mayina a olandira makuponi, akuluakulu amayang'anana nkunena kuti mwana iwe takatenga madzi akumwa. Akatsutsa amamva kuti mawu a akulu akoma akagonera. Mwambi umenewo ndi wabwino, koma kuno umagwira ntchito ya loko. Chonsecho kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka anali ana osakwana zaka 18. Ndondomeko ya boma imati wachinyamata ndi wa zaka 10 mpaka 35. Ndiye anthu ochuluka chonchi mpando umodzi, wa mabenchi.

Amene anaona msanga kuti pali gulu la anyamata odziwa kuyankhula pagulu koma opanda pogwira ndi andale. Anawatenga. Ena mwa anzanga amene ankatsogolera zokambirana za ufulu wachibadwidwe ndinadzawaona atadzipenta thupi lonse mtundu wa chipani, ali pamwamba pa lole, akuimba nyimbo zonyoza. Sindikuwaseka, njala ndi yoipa. Koma taonani mmene tazungulira, tachoka pa ayufi a malaya ofiira tafika pa makadeti a mitundu yonse, wachinyamata akadali chida cha wamkulu, kusiyana kwake nkoti pano amalipidwa tsiku lomwelo.

Nanga atsogoleri achinyamata enieni mu Zomba muno alipo? Alipo ambiri, kungoti sitiwaitana ku loji. Pitani pa siteji ya kabaza iliyonse, kaya ku Matawale kaya ku Chikanda, mufunse tcheyamani. Mupeza mnyamata wa zaka 26 amene amatolera ndalama za tsiku ndi tsiku kwa anzake, amasunga buku, amaweruza akakanganirana kasitomala, mmodzi akachita ngozi ndi iye amathamanga ku chipatala ndi ku polisi, wina akamwalira ndi iye amapeza bokosi ndi galimoto. Akadya ndalama amamuchotsa tsiku lomwelo, mwina ndi makofi. Kapena msungichuma wa banki mkhonde, mtsikana wa mwana kumsana amene amayenera kukauza mayi wamkulu kuposa mayi ake omubala kuti ngongole yanu yapitirira, bwezani. Kapena wapampando wa kwaya, amene amayendetsa anthu 40 opanda malipiro mpaka kukajambula nyimbo. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kudera kwathu amene anayamba kugogoda m'makomo a m'mbali mwa mtsinje usiku kuti anthu asamuke, nkunyamula agogo pamsana kupita nawo ku sukulu, anali anyamata a timu ya mpira ya m'dera. Kaputeni wawo ndi amene ankagawa kuti iwe pita uku iwe uku. Ndikukayika ngati ali ndi satifiketi ngakhale imodzi.

Anthu amenewa ali ndi chimene ife a masatifiketi 14 tinalibe, anthu owafunsa. Ife tinkayankha kwa ofisala wa pulojekiti, iwo amayankha kwa anzawo omwe amadziwa pomwe amagona.

Ndiye ngati bungwe likufunadi kusula atsogoleri, ine ndikanakonda liyambire pamenepo. Lisiye kuyambitsa makalabu atsopano ongodikira maitanidwe, lipite komwe achinyamata adzisonkhanitsa kale okha. Ndalama ya holo, chakudya ndi mafuta a galimoto ya wekishopu imodzi, aipereke kwa gulu la achinyamata kuti akonze chinthu chimodzi chooneka m'dera lawo, kaya ndi kalatho ka pa Likangala kaya chimbudzi cha pamsika, asunge okha ndalamayo, agule okha simenti, kenako aime pa bwalo la mfumu awerengere mudzi wonse mmene yayendera. Ena adzaba, inde. Ena zidzawakanika. Akuluakulunso amaba ndipo zimawakanika, koma palibe amene amati tisiye kuwapatsa maudindo. Maphunziro abwere pambuyo, munthu akakumana ndi vuto lenileni ndi pomwe amamva phunziro la kasungidwe ka mabuku, osati pomwe sanagwirepo ngakhale K5,000 ya gulu.

Ndipo mabungwe omwewo, poti ali ndi mawu kwa a DC ndi kwa mafumu, amenyere nkhondo yoti wachinyamata mu VDC akhale wosainira nawo ndalama, osati wa mabenchi. Atiuzenso, pakatha zaka 10, kuti mwa omwe anawaphunzitsa ndi angati ali makhansala, angati akuyendetsa makomiti a sukulu kapena a mjigo. Lipoti limenelo ine ndingaliwerenge mpaka kumapeto.

Kenako pali ife. Apa ndikudziloza ndekha chala. M'badwo wathu umene unkaimba kuti achinyamata apatsidwe mpata, lero tili ndi imvi ndi mimba koma tikadali m'makomiti a achinyamata, ena tikuchepetsa zaka pa fomu kuti tikwane mu 35 muja. Mwezi wathawu ndinaitanidwa ku msonkhano wina wa achinyamata a mpingo ngati mlangizi, ndinayankhula mphindi 50, iwo onse pamodzi sanakwane mphindi 10. Ndinazindikira ndili pa njinga kubwerera kunyumba, manyazi kundigwira pa Ndola.

Mwana wanga uja ali mu kagulu ka atsikana ndi anyamata a m'dera lathu, alipo 12, palibe bungwe lomwe likuwadziwa. Akufuna Loweruka likubwerali akachotse zinyalala zomwe zatseka ngalande ya kuseri kwa msika mvula isanayambe. Anandipempha wilibala ndi mafosholo awiri, komanso kuti ndikawalankhulire kwa a mfumu. Wilibala ndawapatsa. Kwa a mfumu ndamuuza apite yekha ndi mnzake mmodzi, avale chitenje, akagwade bwinobwino anene chomwe akufuna. Wandiyang'ana ngati ndamutaya, wanyanyala chakudya chamadzulo, koma m'mawa uno ndamumva akuyeserera mawu ake kubafa.